Phula lokha lisakunyengeni m'chipululu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa nkhani ya maulendo yomwe munatulutsa posachedwapa, ija yolimbikitsa anthu kudutsa chipululu cha Kalahari pa galimoto mpaka kukaona nyanja ku Namibia. Zithunzi zinali zokongola, zimenezo sindikutsutsa, ndipo zambiri mlembi wanu anazilondola. Koma pali mfundo imodzi yomwe yandisowetsa mtendere, ija yoti popeza msewu wonse ndi wa phula, aliyense wodziwa kugwira chiwongolero akhoza kungoliza galimoto n'kumapita. Ine ndayendetsa mathiraki zaka zoposa 20, ndipo msewu umenewo ndaudutsa kambirimbiri, chilimwe ndi dzinja. Ndikuopa kuti wina awerenga zimenezo, athira mafuta, agula botolo limodzi la madzi, basi n'kunyamuka ndi ana kumpando wakumbuyo.

Phula lilipodi. Msewu wa Trans-Kalahari anautsegulira mu 1998, ndipo umachokera ku doko la Walvis Bay ku Namibia, kudzera ku Windhoek ndi Gobabis, n'kulowa m'Botswana pa chipata cha Mamuno, kutsika mpaka ku Kang, Jwaneng ndi Lobatse, kenaka n'kulowa mu South Africa kulunjika ku Pretoria ndi Johannesburg. Onse pamodzi ndi makilomita pafupifupi 1,900. Kwa ife a mathiraki unali mpumulo waukulu. Komatu vuto la m'chipululu si maenje. Vuto ndi loti galimoto ikafa, mumapezeka kuti muli nokha, pamalo popanda mtengo wa mthunzi, popanda chitsime, popanda munthu womufunsa.

Tengani chigawo cha kuchoka ku Kang kupita ku Ghanzi, tauni ya ku Botswana yomwe ili chapambali pa msewuwu. Ndi makilomita oposa 250, ndipo amene wadumpha pa Kang osadzaza thanki wadziputira yekha mavuto. Ngakhale malo omwetsera mafuta omwe mapu akukuonetsani kutsogolo musawakhulupirire kwambiri. Mutha kufika n'kumva kuti dizilo anatha dzulo, thanka ikubwera mawa kapena mkuja, kapena magetsi azima ndiye pampu sikugwira. Lamulo langa linali limodzi: paliponse pamene ndaona pampu ikugwira ntchito, ndithira, ngakhale thanki ili pakati. Anzanga ena ankandiseka kuti ndine wamantha. Ndinawadutsapo angapo ataima m'mbali mwa msewu, chigubu chili m'manja.

Msewu wa kumeneko ndi wowongoka moti umagonetsa. Maso amangoona mzere umodzi ukupita kutsogolo, tchire lalifupi uku ndi uku, mchenga wofiirira, kumwamba kopanda mtambo. Pakatha maola awiri mutu umayamba kulemera osazindikira, phazi nalo limanka liponda moto pang'onopang'ono. Ukamati uyang'ane pa mita, wapitirira kale 120. Ndiye ziweto nazo. Mbali yaikulu ya msewu umenewu ku Botswana ilibe mpanda, ndipo ng'ombe, mbuzi ndi abulu zimayenda mwaufulu. Bulu ndiye woipitsitsa. Ng'ombe ukailizira hutala imasuntha, koma bulu amangoima pakati pa msewu n'kumakuyang'ana ngati wabwera kudzamubwereka ndalama. Usiku zimakonda kugona paphula penipeni chifukwa limakhala lidakali lofunda, ndipo mtundu wa bulu sumauona msanga ndi nyali za galimoto. Onjezanipo ngoma, zomwe zimalumpha kuchokera m'tchire mosayembekezereka, njiri, ndi nthiwatiwa zomwe zimathamanga limodzi ndi galimoto kenaka n'kukhotera kutsogolo kwako. N'chifukwa chake madalaivala akale a njira imeneyi dzuwa likamalowa amafuna poimika. Amene akukuuzani kuti muyende usiku kuti mupewe kutentha sakukufunirani zabwino.

Za kutentha aliyense amazidziwa, kuti m'miyezi yotentha kumapitirira madigiri 40. Chomwe ambiri sachiyembekezera ndi kuzizira. Mu Juni ndi Julayi usiku wa ku Kalahari umatsika mpaka madzi kuundana. Ndinagonapo m'thiraki pafupi ndi Kang, m'mawa n'kupeza madzi omwe ndinasiya panja m'beseni ali gwa. Munthu amene wanyamuka masana atavala malaya a manja aafupi, galimoto n'kumufera madzulo, adzalira ndi mphepo asanalire ndi ludzu. Bulangete lisamatsale.

Kalahari mwina tingaikhululukire, chifukwa kumagwako mvula pang'ono, udzu n'kumera, anthu n'kumaweta ng'ombe. Koma mvulayo ndi yosowa ndithu, moti ndalama ya dzikolo anaitcha pula, kutanthauza mvula m'chilankhulo cha Setswana. Chipululu chenicheni, chomwe chinandiphunzitsa ulemu, ndi cha Namib, ndipo nkhani yake ndi imene yandilembetsa kalatayi.

Unali mwezi wa Novembala. Ndinali nditasiya za mathiraki kwa kanthawi, ndipo bwana wina anandituma kukatenga pikapu ku Walvis Bay kuti ndikaisiye kum'mwera kwa dzikolo. Ndinatenga mphwanga, mwana wa mlongo wanga, mnyamata yemwe anali atangopeza kumene laisensi, kuti tizisinthana. Njira ya phula ndinkaidziwa bwino: kudzera ku Swakopmund, Usakos, Karibib, Okahandja, Windhoek, kenaka kutsika ndi msewu wa B1. Koma ndi yozungulira. Mphwangayo anatsegula mapu a pa foni n'kundionetsa kamzere kena kodula pakati pa chipululu.

"Malume, taonani. Iyi ndi C14. Tikadzera apa tipulumutsa mafuta ndi nthawi yomwe."

Ndinadziwa kuti ndi msewu wamiyala. Ndinadziwanso kuti kuchoka ku Walvis Bay kukafika ku Solitaire, komwe kuli pampu yoyamba, ndi makilomita pafupifupi 230 opanda kanthu pakati. Koma ndinavomera. Mlandu ndi wanga, osati wa mwanayo. Iye ankaona mzere pa galasi la foni, ine ndinali ndi imvi zoti zikanandiletsa.

Tinachedwa kunyamuka chifukwa cha mapepala, moti tinatuluka m'tauni dzuwa lili pamutu. Ku gombe kunali kozizira bwino, chifunga chili tolo. Nyanja ya kumeneko ndi yozizira chifukwa cha madzi a Benguela ochokera kum'mwera, ndipo ndi yomweyo imene imachititsa kuti mvula isamagwe. Walvis Bay pa chaka chathunthu salandira ngakhale mamilimita 25. Kuzizira kwa ku gombeko kumapusitsa. Tinagula madzi malita asanu okha, anthu awiri, poganiza kuti maola atatu kapena anayi tikhala tafika. Titangodutsa milu ya mchenga ija ya kunja kwa tauni, chifunga chinatha ngati wachidula ndi mpeni, ndipo kunja kunasanduka ng'anjo.

Amene sanayendepo pa msewu wotere sangamvetse mmene umagwedezera. Pamwamba pake pamakhala timizere topingasa ngati malata a denga, makilomita ndi makilomita. Ukayenda pang'onopang'ono mano amachita kugundana, chilichonse m'galimoto chili gwedegwede. Ukathamanga kugwedeza kumachepa, ndiye mtima umati wapeza nzeru, osadziwa kuti matayala akungokhudza nsonga za timizereto, sakugwira pansi. Ukakumana ndi kona kapena ukaponda buleki mwadzidzidzi, kumbuyo kwa galimoto kumathawa, ndipo pikapu yopanda katundu siichedwa kugubuduzika. Ngozi zambiri za alendo m'misewu ya ku Namibia zimachitika chomwechi, galimoto imodzi yokha, popanda yogundana nayo. Malamulo amalola 100 pa msewu wamiyala, koma ine sindingapitirire 80, ndipo malo ena ngakhale 60 ndi yambiri.

Tayala loyamba linaphulika tisanafike pa chigwa cha Kuiseb. Mwala wakuthwa unang'amba m'mbali, pomwe sipamatika. Sitinadandaule kwambiri, tinali ndi sipeya. Koma jeki itangoyamba kunyamula inayamba kumira m'dothi, ndipo tinachita kufunafuna mwala wafulati woti tiikepo. Kuyambira tsiku limenelo sindiyenda wopanda kathabwa kochindikala kumbuyo kwa mpando. Ntchito ya mphindi 15 inatitengera pafupifupi ola, ndipo mabawuti anali otentha osagwirika ndi manja. Pomaliza tinali titamwa kale theka la madzi athu, osazindikira n'komwe.

Apa mpamene munthu wanzeru akanabwerera. Tayala lapadera latha, mtunda wotsala ndi wautali, madzi achepa. Koma tinati tapita kale patali. Tinatsetsereka m'chigwa cha Kuiseb, msewu wokhotakhota pakati pa mapiri a miyala yakuda, mtsinje uli gwa, mchenga wokhawokha. Ndinamuuza mnyamatayo kuti mitsinje youma ngati imeneyi si yomangamo msasa, chifukwa mvula ikagwa kumapiri kutali, madzi amabwera mwadzidzidzi kuno kuli dzuwa. Ndinamuuzanso za akatswiri awiri a miyala ochokera ku Germany, Henno Martin ndi Hermann Korn, omwe anabisala m'chigwa chomwechi kuyambira 1940 kwa zaka zoposa ziwiri pothawa kutsekeredwa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Anaseka n'kunena kuti ndiye ifenso sitingafe. Ndinamuyankha kuti anthu amenewo ankadziwa pamene pali madzi.

Tayala lachiwiri linaphwa titadutsa chigwa cha Gaub, chapafupi ndi chikwangwani chija cha Tropic of Capricorn chomwe alendo amakonda kujambulitsapo. Nthawi inali itadutsa 3 koloko. Ndinazimitsa injini, ndipo kunangoti zii. A Mkonzi, bata la kumeneko ndi lina. Kulibe mbalame, kulibe tsamba logwedezeka, umangomva injini ikuthetheka pozizira ndi mtima wako ukugunda. Mphwanga anakweza foni m'mwamba, anakwera padenga la galimoto, anazungulira uku ndi uku. Netiweki panalibe. Mapu aja omwe anatitsogolera anangotsala kadontho kabuluu pakati pa malo oyera.

Madzi otsala anali ochepera malita awiri, ofunda ngati osamba.

Patapita mwina theka la ola mnyamata uja anayamba kumanga zingwe za nsapato.

"Ukupita kuti?"

"Malume, ku Solitaire si kutali. Ndithamanga, ndikabwera ndi anthu. Tikangokhala pano tifa."

Ndinamugwira pamkono, ndipo sindinamugwirepo chomwecho chibadwire chake. Ndinamuuza kuti akhale pansi. Makilomita otsalawo pa galimoto ndi kanthawi kochepa, koma pa phazi, dzuwa limenelo, ndi ulendo wa tsiku lonse. Munthu woyenda pa kutentha kotero amataya thukuta lopitirira lita imodzi pa ola, ndipo kumeneko mpweya ndi wouma moti thukutalo sulionanso, limauma lisanatsike, umangoona mchere woyera pa malaya. Ludzu likafika pena mutu umasokonekera. Munthu amayamba kuona ngati phiri lili pafupi, amasiya msewu kuti adule njira, ena amavula zovala n'kutaya. Nkhani zambiri za anthu ofera m'zipululu zimafanana mathero ake: ofufuza amayamba apeza galimoto, mwini wake n'kudzamupeza pambuyo, patali ndithu. Galimoto imaoneka patali, ili ndi mthunzi, ili ndi magalasi owalitsira, ili ndi hutala. Munthu woyenda yekha m'chigwa ndi kadontho chabe.

Anakhala, koma mokwiya. Tinatsegula boneti kuti aliyense wodutsa adziwe kuti tavutika, tinayala makatoni pansi kumbali ya mthunzi, n'kugona chapafupi ndi tayala lophwalo osavula malaya. M'kati mwa galimoto munali mosakhalika. Madzi tinkamwa pang'onopang'ono koma osawaumira, chifukwa madzi osungidwa m'botolo sathandiza munthu amene wakomoka. Ndinamuletsa kudya mabisiketi omwe tinali nawo, poti chakudya chouma chimaitana ludzu. Anandifunsa za madzi a mu rediyeta, ndinamuuza kuti asayerekeze, muli mankhwala akupha.

Galimoto yoyamba tinaiona patali chifukwa cha fumbi. Tinaimirira, tinakweza manja, mphwanga akugwedeza botolo lopanda kanthu. Inachepetsa liwiro, tinaona nkhope zikutiyang'ana pa galasi, kenaka inaponda moto n'kutisiyira fumbi m'maso. Yachiwiri sinachepetse n'komwe. Mnyamatayo anatukwana mawu omwe sindingawalembe m'nyuzipepala yanu. Ine ndinangokhala chete, ndipo chifukwa chake ndinena kumapetoku.

Dzuwa litapendeka kwambiri kunabwera kapikapu kakale, kumbuyo kuli migolo ndi agalu awiri. Anatsika bambo wachikulire, mlimi wa m'dera lomwelo, khungu lake lochita kupsa ndi dzuwa. Sanafunse kuti ndife ndani kapena tikuchokera kuti. Choyamba anatsitsa chigubu cha madzi n'kutipatsa, n'kuima pambali kudikira kuti timwe. Atatero mpamene anagwada kuyang'ana tayala. Analipeza bowo, anatulutsa kachikwama ka zomatira zija zolowetsa ngati chingwe, anamata tayala lili pagalimoto pomwepo, n'kulipopa ndi kapampu kolumikiza ku batire. Kenaka anayeza mpweya wa matayala enawo n'kupukusa mutu. Anali olimba kwambiri, mmene anawapopera ku doko. Anatifotokozera kuti pa miyala tayala lolimba chomwecho silipindika likaponda mwala wakuthwa, limangobooka, ndiye anaphwetsako pang'ono onse anayi. Zaka zonse zija pa phula, chinthu chimenechi ndinali ndisanachiganizepo. Safunsa anadya phula, akulu ananena, ndipo ine tsiku limenelo ndinadya lambiri.

Ndinatulutsa ndalama, anakana. Anangoti tiyende patsogolo, iye azititsatira pambuyo mpaka tione magetsi a ku Solitaire. Tinafika kutada. Titayang'ana kumbuyo, anali atakhotera kale njira ya kwawo. Dzina lake sindikulidziwa mpaka lero.

Ndiye pempho langa kwa inu, a Mkonzi, ndi loti mukamalemba za maulendo otere muziwauza anthu zoona zonse. Auzeni kuti madzi akumwa asachepere malita asanu pa munthu aliyense pa tsiku, ndi ena apadera a masiku awiri omwe sakuwayembekezera, ndipo akhale m'zigubu zingapo kuti chimodzi chikabooka zina zitsale. Matayala apadera akhale awiri, osati limodzi, ndipo ayese jeki ndi sipanala asananyamuke, chifukwa ambiri amadzazindikira ali m'tchire kuti sipanala ya m'galimoto sikwana mabawuti ake. Fanibelti yapadera siilemera. Injini ikatentha asathamangire kutsegula chivundikiro cha rediyeta, nthunzi yake imasenda nkhope. Amene akufuna kusiya msewu waukulu n'kulowa m'tinjira ta mchenga, monga ta ku Central Kalahari Game Reserve, asapite ndi galimoto imodzi, ndipo adziwe kuti njere za udzu zimatseka rediyeta, pomwe udzu wouma wokodwa kunsi pafupi ndi ekizozi umayatsa galimoto yonse. Aziima pafupipafupi n'kusuzumira pansi. Ndipo chachikulu, chomwe sichilira ndalama: asananyamuke auze munthu wina njira yeniyeni yomwe adzere ndi nthawi yomwe akuyembekeza kufika, ndi kuti ikadutsa nthawiyo ayambe kufunsa. Ife tsiku lija palibe ankadziwa kuti tili pa C14. Bwana ankaganiza kuti tili pa phula kupita ku Windhoek. Akanati atifune, akanatifuna kolakwika.

Kanthu kena kakang'ono, poti mlembi wanu analimbikitsa zonyamula nyama yowotcha panjira: ku Botswana kuli mipanda ndi zipata zoletsa kufala kwa matenda a ng'ombe a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, monga chipata cha Kuke kumpoto kwa Ghanzi, ndipo nyama yaiwisi akhoza kukulandani pomwepo malinga ndi komwe mukuchokera. Musakangane nawo, akuteteza chuma cha dziko lawo.

Tsopano za kukhala chete kwanga kuja. Zaka zingapo izi zisanachitike, ndili pa thiraki pakati pa Kang ndi Mamuno, ndinaona kagalimoto kakang'ono kataima, boneti ili yotsegula, bambo wina akukweza dzanja, mayi atakhala pansi m'mbali ndi mwana pamiyendo atamufunditsa nsalu. Ndinali nditachedwa, chipata cha m'malire chinali pafupi kutsekedwa, ndipo malamulo a kampani ankaletsa kunyamula anthu. Ndinalinso nditamva nkhani za achifwamba omwe amanamizira kuwonongeka kwa galimoto, ndipo nkhani zimenezo si zabodza zonse. Ndinadziuza kuti wina akubwera m'mbuyomu. Kumbuyo kwa mpando wanga kunali chigubu cha malita 20 chodzaza. Sindikanafunika ngakhale kutsika. Ndikanangoima chapatsogolo pang'ono, kutsitsa galasi, kuwasiyira madzi, ndi kukanena pa malo oyamba opezeka anthu kuti pa kilomita yakutiyakuti pali banja lavutika. Sindinachite chilichonse mwa zimenezi. Ndinawaona pa galasi lam'mbali akucheperachepera mpaka anasowa.

Sindidziwa kuti anakhalapo nthawi yaitali bwanji. Pobwerera patatha masiku anayi ndinayang'ana pamalopo, kagalimoto kaja panalibe, panangotsala miyala itatu yomwe anatsekera matayala. Galimoto ziwiri zija zitatidutsa pa C14, mphwanga akutukwana, ine ndinkaona mayi uja ndi mwana wake.

Mphwangayo pano ndi dalaivala wa thiraki, ndipo njira ya Mamuno amaidutsa kawiri pa mwezi. Sabata yatha anandiimbira ali ku Gobabis, ndipo ndisanamufunse n'komwe anati, "Malume, zigubu zilipo ziwiri. China ndi changa, china ndi cha amene ndimupeze."

Ndine wanu,
Dalaivala wopuma ntchito